Mutu 6: Evelesi Apopera Mitambo

1. Nazale ya kuseri kwa nyumba

Unali m'mawa, dzuwa lisanapitirire n'komwe nsonga za migwalangwa, koma kwa Tengani kunali kutatentha kale ngati masana. Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Mwezi wa Novembala unali pakati ndipo mvula inali isanagwe ngakhale dontho.

Evelesi, mtsikana wa Fomu 2, anatula chidebe kuseri kwa nyumba yawo n'kuyamba kuthirira nazale ya mbatata. Ankathira pang'onopang'ono ndi chikho, tsinde ndi tsinde. Dothi linkameza madziwo nthawi yomweyo n'kuumanso iye akuona.

Nazaleyo inali yaing'ono, yongofanana ndi mphasa ziwiri zoyalidwa pamodzi. Koma pakhomopo panalibe chuma china choposa chimenechi. Madzi osefukira a chaka chathacho anali atakokolola munda, nkhokwe ndi mbuzi zomwe. Mayi ake, a Justina, anachita kulima ganyu kuti apatsidwe mtolo wa mbewu ya mbatata, ndipo anaisunga yamoyo chilimwe chonse. Ankadikira mvula kuti aidule n'kukaibzala kumunda. Mbatata sichedwa, ndipo masamba ake munthu amayamba kudya iyo isanaike n'komwe pansi.

Vuto linali madzi. A pamjigo wa m'mudzimo anali a mchere, oti ukathirira mbewu imapsa. Madzi abwino ankakatunga kutali, pa kachitsime kokumba pamchenga wa mtsinje wouma, ndipo kachitsimeko kanali katayamba kutulutsa matope.

Mayi ake anabwera, anagwada, n'kutembenuza tsamba lina lofota.

"Ikufa, amayi," anatero Evelesi.

"Siinafe. Yatopa chabe."

"Dzulonso munatero."

Amayiwo anapukuta thukuta ndi chitenje. Anayankhula motsitsa mawu kuti Golden, mlongo wake wamng'ono wa Evelesi, asamve m'nyumbamo.

"Mwanawe, ndimvere. Mbewu iyi ikangofa, chaka chino tibwereranso kudambo kukazula nyika, mizu ya m'madzi ija. Iwe ukudziwa zimene nyika inamuchita Golden. Mimba kutupa, miyendo ngati mabango. Ukudziwanso kuti m'madzi amene timazula nyikamo mumagona ng'ona. Ine sindikufunanso kulowamo, ndipo sindikufuna kuti iwe udzalowemo. Ndiye usamanene kuti ikufa. Ukaweruka kusukulu udzere kuchitsime, ukakhale pamzere. Ngakhale upeze madzi a pansi pa chidebe, ubwere nawo. Dzuwali likanangotipatsa mthunzi kwa masiku ochepa, mbewu iyi ikanafika ku mvula."

Evelesi anayang'ana kumwamba. Kenaka anavala yunifolomu yake n'kumapita kusukulu.

2. Phunziro la mitambo

Masana a tsikulo malata a kalasi ankalira thethethe chifukwa cha kutentha. Ana ankadzikupiza ndi makope, ena ankawodzera. A Geresomo, mphunzitsi wa jogalafe, analowa atanyamula foni m'malo mwa choko.

"Lero ndikuonetsani chinthu chimene mulibe m'buku lanu," anatero.

Anayenda nayo foniyo benchi ndi benchi. Munali kanema wa sitima yapanyanja. Kumbuyo kwake kunali chipaipi chachikulu chimene chinkalavula nkhungu yoyera m'mwamba.

"Dziko likutentha. Izi inu a kuchigwa kuno simukusowa wokuuzani. Tsono kuli akatswiri ena a sayansi amene akuyesa nzeru iyi. Amatunga madzi a m'nyanja yamchere n'kuwapopera m'mwamba. Madziwo amauma ali m'malere, n'kutsala timchere tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mphepo imatikweza mpaka m'mitambo. Kumeneko timadontho ta mumtambo timagwira pa timchereto, ndiye timachuluka, ndipo mtambo umayera kwambiri. Chinthu choyera chimabweza kuwala kwa dzuwa. Mukudziwa kusiyana kwa malaya oyera ndi akuda ukayenda padzuwa. Mtambo ukayera chomwecho, pansi pake pamazizirirapo."

Favour, mnzake wa Evelesi, anakweza dzanja. Mayi ake a Favour ankaphika mchere kuchigwa, kumene dothi limayera ngati phulusa.

"Ndiye kuti amayi anga ndi asayansi, aphunzitsi. Akungosowa sitima."

Kalasi yonse inaseka, ngakhale amene ankawodzera aja. Evelesi yekha sanaseke.

Ataweruka anawapeza a Geresomo pansi pa mtengo wa nimu akupopa njinga yawo.

"Aphunzitsi, mchere wake ndi wapadera?"

"Ayi, ndi womwewu timathira m'ndiwowu."

"Nanga munthu atapopera kunoko?"

Aphunzitsiwo anasiya kupopa. Anamulozera muzu wa mtengowo kuti akhalepo.

"Evelesi, ndikudziwa chimene chakufunsitsa, chifukwa nanenso chimanga changa cha kudimba chauma. Koma umvetse bwino. Anthu aja sapanga mtambo. Amangoyeretsa umene ulipo kale, ndipo ndi mitambo yotsika ya pamwamba pa nyanja, osati yathuyi. Makina awo amagaya madzi mosalala kuposa chilichonse chimene unachionapo. Dontho la chopopera cha kuno ndi lalikulu. Limakwera pang'ono n'kugwa. Tsono panyanja mchere ukagwa wabwerera kumene unachokera, koma pamtunda umagwera pa chinthu cha munthu. Ndiponso eni ake a nzeruyi akadakangana okhaokha. Ena akuti mukaziziritsa nyanja mbali ina, mvula ingathe kusamuka kwina, kwa anthu amene sanafunsidwe n'komwe, mwina ngati ifeyo. Ndi zoyesa chabe, mwana wanga. Ndakuonetsani kuti mudziwe zimene zikuchitika kunjaku. Usakazitengere kunyumba."

"Ndamva, aphunzitsi."

Anamvadi, mawu onse. Koma atafika kuchitsime anapeza mzere wa zidebe wafika mpaka pagombe. Amayi ena anali atakhala pamchenga kuyambira m'bandakucha. Nthawi yake itakwana anapala pansi ndi chikho, ndipo chimene anapita nacho kunyumba linali phala la matope.

Madzulo amenewo masamba a m'mbali mwa nazale sanadzukenso monga ankachitira dzuwa likapendeka.

3. Sipuleya ya atsibweni

Loweruka m'mawa Evelesi anapita kwa atsibweni ake a Saulos, mlongo wa mayi ake, amene ankalima thonje. Anawapeza pakhonde akukhomera khasu mumpini watsopano.

"Mwacherwa, atsibweni?"

"Ndacherwa, penombo iwe. Wabwera ukuthamanga ngati mbuzi yodula chingwe. Kwagwanji?"

"Amayi akuti mutibwereke sipuleya. Pa nazale pagwa nsabwe za m'masamba."

"Nsabwe ndi dzuwa ili? Nazonso n'zolimba mtima." Anaseka n'kulowa m'kachisakasa. Anatulukamo ndi sipuleya yabuluu yoberekera kumsana, imene ankapopera nayo thonje.

Sanamupatse msanga. Anaiika pakati pa miyendo yawo n'kuigwira ndi manja onse awiri.

"Chinthu ichi si choseweretsa, wamva? Ndinachitsuka thonje litatha, koma ukachitsukenso ndi sopo. Usakathiremo za m'botolo zilizonse. Ukasinje masamba a nimu, ukaviike, ukasefe ndi kansalu, basi. Nsabwe zimathawa zimenezo. Ndipo usakapopere masana. Tsamba lonyowa dzuwa likaliwomba limapsa ngati waliika pamoto. Ukapopere m'mawa kapena dzuwa likamalowa. Chinanso ndi mphepo. Mphepo ya mwezi uno siikhala malo amodzi. Umayamba ikuchokera kumbuyo kwako, ukamamaliza mzere ili pamaso pako. Ine diso ili linatsala pang'ono kufa chifukwa cha zomwezo. Ukangomva kuti nkhope yanyowa, siya pomwepo. Osati timalize kaye. Siya."

"Takhuta, atsibweni, zikomo."

"Uwauze amayi ako kuti asamatume mwana, adzibwera okha. Kapena akuopa kuti ndiwapatsa khasu?"

Evelesi anamwetulira pang'ono, anabereka sipuleyayo, n'kutuluka. Sanadzere njira yaikulu. Anazungulira kuminda youma kuti asakumane ndi munthu.

4. Pachulu

Tsikulo mayi ake anali atapita ku ganyu yosema zikuni, Golden atamutenga. Favour anafika chakumasana monga anapanganirana ndi Evelesi, atasenza chigubu. Munali madzi otcheza m'dothi la mchere, amene mayi ake a Favour anali asanawaphike.

"Akandifunsa ndinena kuti anamwa ndi galu," anatero potula. "Tsono sitima yako ili kuti, a sayansi?"

"Usaseke, Favour."

"Sindikuseka. Ndi mano okha awa."

Evelesi sanali wopusa. Ankadziwa bwino zimene madzi a mchere amachita pa mbewu. N'chifukwa chake anasankha chulu chachitali chimene chinali patsogolo pa nazale, chakuthengo. Atakwera pamwamba anatapa fumbi n'kuliwaza. Mphepo inalitenga kupita kuthengo, kutali ndi mbatata.

"Waona? Zogwa zikagwera uko. Zopepuka zikwera."

"Nanga mtambo woti uuyeretsewo uli kuti?"

"Ubwera."

Anathira madziwo musipuleya, anaibereka, n'kuyamba kupopa ndi dzanja lamanzere. Ndi lamanja analozetsa ndodo ya sipuleyayo kumwamba, mkono atautambasula mpaka kumapeto. Nkhungu yopyapyala inatuluka n'kunyezimira padzuwa. Mkati mwake munaoneka kautawaleza kakang'ono.

"Eee, koma ndiye zokongola," anatero Favour. "Ukalephera mayeso uzidzapopera pa maukwati."

Evelesi anapopa mpaka phewa linachita dzanzi. Zingwe za sipuleya zinamudya m'mapewa. Favour anatopa, anakakhala pamthunzi wa nyumba n'kumasenda nthudza ndi mano.

Dzuwa litapendeka, kum'mawa, cha ku Mozambiki, kunatuluka mtambo. Unayamba ngati thonje la m'dzanja, kenaka unafufuma, woyera mbuu. Chidutswa chake china chinapatuka n'kudutsa pamaso pa dzuwa. Mthunzi unagwa pachulu, panyumba, pa nazale. Kamphepo kozizira kanadutsa.

Sizinakhalitse. Munthu womwa madzi m'chikho akanapeza zitatha. Koma Evelesi anatsika pachulupo akuthamanga.

"Waona, Favour? Waona?"

"Iwe, mitambo imeneyo imatuluka masana alionse mwezi uno. Imangotinamiza n'kubwerera kwawo."

"Dzulo inaphimba dzuwa?"

Favour anaganiza. "Dzulo ndinali m'kalasi."

"Siinaphimbe. Mawa undibweretsere ena. Okhathamira kuposa awa."

"Mawa n'kutchalitchi."

"Ubweretse usanapite."

Favour anamuyang'ana mnzakeyo. Milomo ya Evelesi inali itang'ambika, ndipo m'tsitsi mwake munali mutayera mchere.

"Evelesi, aphunzitsi aja anakuuza chiyani pansi pa mtengo paja?"

"Anati mchere wake ndi womwewu."

"Basi?"

"Basi."

5. Mphepo itembenuka

Lamulungu m'mawa Evelesi anati mutu ukumupweteka. Mayi ake anamugwira pamphumi, anamusiyira madzi akumwa mumtsuko, n'kunyamuka ndi Golden kupita kutchalitchi. Anati akachoka kumeneko akazonda wodwala kumudzi wina, ndiye abwera madzulo.

Favour anali atasiya chigubu kuseri kwa bafa. Madzi a ulendo uno anali a mumphika woyamba kuwira, olemera, oti ukaviika chala chimatuluka choyera.

Evelesi anatulutsa sipuleya kumene anaibisa, pansi pa mapesi. Anadikira mpaka dzuwa litafika paliwombo, nthawi imene mitambo imayamba kuoneka. Anakwera pachulu. Anawaza fumbi, ndipo linapita kuthengo ngati dzulo.

Kum'mawa mtambo unali utatuluka kale. Unali waukulu kuposa wa dzulo, ndipo kunsi kwake kunali kodera.

Anayamba kupopa. Maso ake sankachoka pa mtambowo. Unkakula, unkasendera. Kutali kunamveka kugunda kamodzi, kwapansipansi ngati ngolo yodutsa pamlatho. Evelesi anapopa mwamphamvu.

Kenaka mphepo inaima. Masamba a mitengo anangoti zii. Patapita kanthawi anamva kuzizira pankhope. Ananyambita milomo. Unali mchere.

Dzanja lake linaima pa chopopera. Anatembenuka. Nkhungu imene inali m'mwamba inkabwerera, inkamudutsa pamutu, n'kumatsikira pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba, pa nazale.

Mawu a atsibweni ake anawakumbuka onse. Anayang'ana nazale. Anayang'ananso mtambo. Unali utatsala pang'ono kufika padzuwa, mwina kutalika kwa dzanja limodzi. Musipuleya munali mutatsala madzi ochuluka.

"Pang'ono pokha," ananena yekha. "Mvula ikagwa itsuka."

Anapitiriza kupopa. Mchere unkamulowa m'maso, iye n'kumangophethira. Anapopa mpaka sipuleya inayamba kutsokomola mpweya wokha.

Mtambo uja sunafike padzuwa. Unaima pamene unalipo, unang'ambika pakati, m'mbali mwake munayamba kusungunuka. Posakhalitsa kumwamba kunalinso mbee ngati m'mawa.

Evelesi anavula sipuleya n'kutsetsereka pachulupo. Masamba a mbatata anali atauma kale madontho, ndipo pa dontho lililonse panatsala kachizindikiro koyera. Ena anali atayera tsamba lonse ngati awaza ufa. Dothi la pamwamba linkanyezimira.

Anathamangira m'nyumba, ananyamula mtsuko wa madzi akumwa, n'kuyamba kutsuka masambawo ndi dzanja, limodzilimodzi. Madzi anatha asanafike pakati. Anatenga a m'ketulo. Anatenga amene mayi ake anasungira kuphikira. Anakhuthula chidebe chilichonse cha pakhomopo mpaka dontho lomaliza.

Anathamangira kuchitsime ndi chidebe. Anapeza amayi ambiri atazungulira dzenje, mtsikana wina ali m'kati akupala mchenga ndi mbale.

"Ndithandizeniko, amayi. Mbewu yathu ikupsa. Ndiloleni nditunge kaye."

"Nkhabe, sizitheka, mwanawe," anayankha mayi wina wachikulire, mosakwiya. "Tonse tili pano zathu zikupsa. Ine ndasiya mwana wa malungo m'nyumba mulibe ndi dontho lomwe. Ika chidebe kumbuyo."

Anaika chidebe kumbuyo. Anakhala pamchenga wotentha n'kumayang'ana mthunzi wake ukutalika. Mzere sunkasuntha. Pomaliza anatola chidebe chake chopanda kanthu n'kubwerera.

Atafika anapeza masamba atapiringizika. M'mphepete mwake munali mutada ngati pepala loyandikira moto. Ataligwira limodzi linathetheka m'manja mwake.

6. Zimene zinatsala

Mayi ake anafika dzuwa litafiira, Golden ali kumsana akugona. Anamugoneka pamphasa, anafuna madzi mumtsuko, anapeza mulibe. Anatuluka kuseri.

Evelesi anali atakhala pansi pambali pa nazale. Sipuleya inali pomwepo, sanaibisenso.

A Justina anayang'ana nazaleyo. Anawerama, anathyola tsamba limodzi, n'kuliika palilime. Analavula.

"Wathirira a pamjigo?"

"Ayi, amayi."

"Nanga mcherewu wachokera kuti?"

Evelesi anafotokoza zonse. Za sitima ya m'foni, za chulu, za bodza la nsabwe, za mutu umene sunkapweteka.

"Aphunzitsi akowo ndiwo anakutuma?"

"Anandiletsa."

"Atsibweni ako?"

"Anati nkhope ikanyowa ndisiye."

"Inanyowa?"

"Inanyowa."

"Unasiya?"

Evelesi anagwedeza mutu kukana.

Amayiwo sanakuwe, sanatole ndodo. Anakhala pansi pafumbi ndi chitenje chawo cha kutchalitchi.

"Mwanawe, ukanakhala kuti sunadziwe, ndikanati ndi umwana. Koma anthu awiri anakuuza, ndipo khungu lako lomwe linakuuza. Ine ndikudziwa chimene chinakukweza pachulupo. Ndi mantha omwewa amene ine ndimagona nawo. Ukuganiza kuti ine sindifuna kutambasula dzanja n'kukoka mtambo? Tsiku lililonse ndimafuna. Koma munthu wamantha akagwira chida, amaona chokhacho chimene akuchifuna. Iwe unkaona mtambo, mbatata inali kumbuyo kwako. Anthu a m'sitimawo kaya ndi anzeru chotani, ine sindiwadziwa. Mwina tsiku lina adzatithandiza, mwinanso adzatipweteka. Koma iwo akalakwitsa amapita kwawo kukadya. Ife tinali ndi nazale imodzi. Chinthu chimene uli nacho chimodzi suyesera nzeru yatsopano, ndiponso suyesa mobisa. Ukanandiuza, ndikanakuseka, mwina ndikanakukalipira, koma mbewu ikanakhalapo."

Evelesi anabisa nkhope m'mawondo. Mayi ake anamusiya kanthawi, kenaka anagwada n'kuyamba kufukula m'munsi mwa masamba opsawo. Ankakanda tsinde lililonse ndi chikhadabo. Ambiri anali ofota mpaka pansi. Pakona imene Evelesi anayambira kutsuka ndi madzi a mumtsuko anapezapo timatsinde tobiriwira. Anatiphimba ndi udzu.

"Iti tingakhale ndi moyo," anatero.

Evelesi anadzutsa mutu. "Tikwana munda?"

"Sitikwana ndi mzere umodzi womwe."

Kunja kunali chete. Kutali ng'ombe za munthu wina zinkalira pobwerera kukhola.

"Ndisiya sukulu, amayi. Ndikazula nyika ndine. Inu musadzalowe m'madzi."

"Khala chete. Sukulu siinapopere mchere." Anaimirira n'kukutumula chitenje. "Mbewu ya mbatata yatsala malo amodzi amene ndikuwadziwa. Kutsidya kwa mtsinje waukulu, kwa Mlolo, kudimba kwa azakhali ako."

Evelesi anawayang'ana. Azakhali akewo, mlongo wa malemu bambo ake, ndiwo anawatulutsa m'nyumba maliro a bambo atangotha, n'kuwauza pamaso pa anthu kuti asadzapondenso pakhomo pawo. Chichokereni kumeneko, mayi ake anali asanatchulepo dzina lawo.

"Sangatipatse, amayi."

"Ine sangandipatse. Akangondiona atseka chitseko. Koma iwe ndi magazi awo, ndipo nkhope yakoyo ndi ya mlongo wawo." Anatola sipuleya n'kuiimika kukhoma. "Iyi ndikabweza ndekha, ndikawauze atsibweni ako zimene yagwira. Kwa aphunzitsi ndikapitanso ndine. Iwe mawa ukwera bwato loyamba. Ukafika ukagwade, ukanene zonse monga wandiuzira ine. Usakachotsepo kanthu."

"Ndekha?"

"Pachulu unakwera ndi yani?"

Mayi ake analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kadengu ka mapira, otsala a pansi pa thumba. Anakaika pafupi ndi mtondo.

"Sungapite kwa eni ake chimanjamanja, ndiponso m'bale wako akadzuka afuna phala. Kukadawala."

Evelesi anaimirira. Mapewa ake anali atasupuka ndi zingwe za sipuleya, ndipo m'maso munkamuwawabe. Anakhuthulira mapirawo mumtondo, anatola munsi, n'kuyamba kusinja.